Chiliza cha terazo cha agogo: n'chabwino, koma yang'anitsitsani maziko ndi zilembo

Banja likakhala pansi kukambirana za chiliza cha mayi amene wasiya ana, zidzukulu ndi zidzukulutudzi, nthawi zambiri thumba limawafikitsa pa terazo. Granite yakuda, monga yochokera ku Mutoko ku Zimbabwe kapena ku Rustenburg ku South Africa, ndi yokongola ndipo sisuluka, koma mtengo wake umayendera dola. Terazo amaumba konkuno amisiri amene timawaona atandandalika mitu ya ziliza m'mbali mwa misewu ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu. Ntchito yawo ndi yoyenera ndalama zake. Chovuta n'chakuti ambiri amakometsa zooneka ndi maso, n'kuthamangira zobisika pansi.

Terazo ndi timiyala ta mabo (marble) tosakaniza ndi simenti, muyeso umodzi wa simenti pa miyeso iwiri ya timiyala, kupaka pamwamba pa konkire mochindikala mamilimita 12 mpaka 15, kenaka kupala ndi makina mpaka kusalala. Mmisiri wabwino amapaka konkire isanaumitsitse kuti ziwirizi zigwirane. Akapaka pa konkire youma, yafumbi, terazo imadzakanganuka ngati chikhokho cha nsima. Musanalipire, gogodani ndi kiyi mutu umene waikidwa pachionetsero: ukamalira ngati ng'oma, m'kati muli mphako. Za mtundu, yoyera ndi yotuwa zimakalamba bwino. Yakuda imakopa ikadali yatsopano, koma kudako ndi utoto wothira mu simenti, ndipo dzuwa la Okutobala likauwomba zaka zingapo umasanduka wa phulusa.

Ziliza zambiri zopendekeka zimene timaziona kumanda a HHI ku Blantyre, a ku Area 18 ku Lilongwe ngakhale kumanda a kumudzi, vuto si terazo ayi. Ndi maziko. Dothi lokwirira manda limatitimira, makamaka bokosi likayamba kuwola, choncho manda ayenera kupyola dzinja limodzi lathunthu, akapyola awiri ndiye bwino koposa. Maziko akumbidwe m'mbali, pa nthaka yolimba imene adzukulu sanaikhudze, osati pa mtumbira. Konkire ikhale ya 1:2:4, ndiye kuti muyeso umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga wa kumtsinje wopanda dothi, ndi inayi ya miyala yoswa. Silabu ikhale yochindikala masentimita 10, yokhala ndi zitsulo za Y10 (zonenepa mamilimita 10) zolukidwa motalikirana masentimita 20, nsonga zake zitatsamira pa maziko mbali zonse, kuti dothi la pakati likatsika silabuyo itsale ili chilili. Amisiri ena amangoyala waya wa khola la nkhuku. Mukaneni ameneyo.

Palinso madzi. Ziliza timamanga m'chilimwe, Ogasiti mpaka Okutobala, anthu atakolola, ndipo ndi nthawi yomweyo konkire imauma mothamanga n'kung'aluka. Iyenera kuthiriridwa m'mawa ndi madzulo kwa masiku 7, itafunditsidwa masaka onyowa, ndipo imafika pa mphamvu zake zenizeni pa masiku 28. Mmisiri wochokera m'tauni sadikira zimenezo, amamanga n'kukwera minibasi. Banja lisankhiretu munthu wothirira ndi kumuikira mgolo pafupi, ndipo kumudzi amfumu adziwitsidwe, poti kumanda salowako mwachisawawa.

Pa zilembo ndi pamene ntchito ya amisiriwa imatsikira kwenikweni, chonsecho ndi pamene pagona chikumbutso chonse. Zolemba ndi penti pamwamba chabe zimasupuka. Zikhale zogoba, zakuya mamilimita atatu kapena kuposa, penti ilowe m'kati mwa mogobamo, kuti ikadzasuluka mudzangobwerezamo ndi kaburashi. Njira yabwino koposa, imene amisiri ambiri amavomera mukaipempha, ndi yomanga thupi lonse ndi terazo, koma mawu n'kugoba pa kachidutswa ka granite ka masentimita 40 m'lifupi ndi 50 m'litali, kolowetsedwa m'mutu wa chiliza. Chithunzi cha papepala chotsekera m'galasi chimalowa chinyezi n'kuchita nkhungu mvula yoyamba yomwe. Ngati mukufuna nkhope ya agogo iziwoneka, funani chithunzi chowotchera pa poselini kapena chojambula ndi makina a leza (laser) pa granite yakuda.

Amisiri amagoba chimene mwawapatsa, ndipo ena amawonjezera zolakwa zawo. Auzeni alembe mawu onse papepala lalikulu ngati mwalawo, achibale awiri kapena atatu awerenge chilembo ndi chilembo, asayine, kugoba kuyambe pambuyo. Kwa mayi wokalamba pali zinthu ziwiri zofunika kuzikhalira pansi. Choyamba ndi chaka chobadwa: ambiri mwa agogo athu analibe kalata ya kubadwa, ndipo chaka cha pa chiphaso cha unzika chimene anajambulitsa mu 2017 chinali chongoyerekeza. Funsani amsinkhu wawo, yang'anani khadi la ubatizo, werengerani kuchokera pa njala ya 1949 ngati ankaisimba kuti inawapeza ali buthu. Tsiku ndi mwezi zikasowa, lembani chaka chokha, musapeke. Chachiwiri ndi dzina. Mudzi wonse unkawadziwa ndi la mfunda, Anaphiri kapena Anabanda, ndipo mdzukulu wodzabwera zaka 30 zikubwerazi adzafunafuna limenelo. Lilembedwe pansi pa dzina la m'mabuku. Vesi ingolembani mutu ndi ndime, monga Miyambo 31:28, chifukwa mawu akachuluka zilembo zimachepa ndipo pa terazo zing'onozing'ono zimanyotsoka m'mphepete. Ngati anali a Mvano kapena a Dorika, mzere umodzi wonena zimenezo umakwanira.

Pa malipiro, perekani theka poyamba, lotsalalo chiliza chikaima ndipo mwachiyeza ndi levulo. Pepala la mgwirizano litchule miyeso, kuchuluka kwa matumba a simenti, kukula kwa zitsulo, amene alipire mayendedwe, ndi tsiku lomaliza ntchito. Tsikulo likhale mwezi wathunthu mwambo wovundukula usanafike, chifukwa mmisiri akachedwa amabwera kudzapala terazo yosakhwima, timiyala n'kumazuka, achibale a ku Joni atafika kale ndipo thobwa lili pamoto.