Tarantula akakana chakudya: hita ya m'chipinda, kamphasa ka magetsi kapena babu?

Tarantula, kangaude wamkulu waubweya amene anthu ena amaweta, akasiya kudya, ambiri amathamangira kukagula chotenthetsera. Maganizowo si olakwika kwenikweni. Thupi la kangaude silidzipangira kutentha, ndiye kukazizira chakudya chimagayika pang'onopang'ono ndipo njala imachepa. Koma kuzizira ndi chifukwa chimodzi chabe mwa zambiri, ndipo chotenthetsera choikidwa molakwika chimapha msanga kuposa njala. Yambani ndi themometa. Iikeni pamwamba pa dothi m'kati mwa khola, muziwerenga masana ndi mbandakucha kwa masiku atatu. Ikamasonyeza pakati pa 21°C ndi 27°C, mitundu yambiri imene anthu amaweta ili bwinobwino, vuto lili kwina. Ikamakhala pansi pa 18°C usana ndi usiku, pamenepo m'pofunika kuchitapo kanthu.

Njira yoposa zonse ndi kutenthetsa chipinda chonse ndi hita yokhala ndi thermostat (kachipangizo kozimitsa ndi kuyatsa chotenthetsera kuti kutentha kusapitirire mlingo umene mwaika), makamaka ija ya magetsi yokhala ndi mafuta otsekeredwa m'kati imene simapemerera mphepo. Mpweya umafunda mofanana paliponse, khola silikhala ndi malo owotcha, ndipo kaya muli ndi akangaude awiri kapena makumi atatu, chipangizo ndi chimodzi. Kuipa kwake n'kwakuti imadya magetsi ambiri komanso imaumitsa mpweya. Mbale ya madzi imene inkatha sabata idzayamba kuuma pa masiku atatu, choncho muziyang'ana kawirikawiri. Hitayo isayang'anizane ndi makola, ikhale patali mita imodzi kapena kuposa.

Yachiwiri ndi kabati. Mumamata kamphasa ka magetsi kotenthetsera kukhoma la kumbuyo la kabati kapena bokosi lalikulu, kulumikiza ku thermostat yoikidwa pa 24°C kapena 25°C, n'kuika makola m'katimo osakhudza kamphasako. Apa mukutenthetsabe mpweya, osati khola lenilenilo, koma ndi magetsi ochepa. Kwa tiana ta akangaude tokhala m'timabotolo palibe njira ina yotetezeka kuposa iyi kapena ya chipinda, chifukwa kabotolo kakang'ono kamatentha konse nthawi imodzi ndipo kamwanako kalibe kothawira. Siyani mpata woti mpweya uzilowa ndi kutuluka m'kabatimo. Akangaude a m'mitengo ngati Avicularia avicularia amafa msanga mu mpweya wachinyezi wosayenda.

Kamphasa komata pakhola lenilenilo ndi pamene anthu ambiri amalakwitsa, ndipo kusiyana konse kuli pa malo amene mwakaika. Kuthengo, tarantula akamva kutentha amatsikira pansi mu una wake, chifukwa kunja kukatentha kumeneko kumakhala kozizirirapo. Mukaika kamphasa pansi pa khola mwatembenuza dziko lake. Akamva kutentha amakumba, akakumba amayandikira moto, akamva kutentha kwambiri amakumbanso mpaka atafika pagalasi lowotcha. Dothi lochindikala pamwamba pake limasunga kutenthako ngati chivindikiro, moti themometa ya pamwamba ikhoza kusonyeza 24°C pamene pansi padutsa kale 35°C. Ngati mulibe njira ina koma kamphasa, kamateni pambali, kunja kwa galasi, pamwamba pa mzere wa dothi, mbali yotalikirana ndi pobisalira pa kangaude. Kasaphimbe kuposa gawo limodzi mwa magawo atatu a khola. Kachingwe koyezera ka thermostat kakhale pagalasi pomwe pali kamphasapo, chifukwa pamenepo ndi pamene kangaudeyo adzatsamire. Kamphasa kopanda thermostat musakalumikize n'komwe.

Babu wotenthetsa ndi wabwino kwa abuluzi okonda kuwothera dzuwa, osati kwa nyama yoyenda usiku. Amaumitsa dothi ndi mbale ya madzi m'maola ochepa, ndipo kuwala kumachititsa kangaude kubindikira. Palinso ngozi ina. Kangaude wapansi wolemera akakwera kutsata kutentha, zikhadabo zake zimakodwa m'chivindikiro cha sefa, ndipo akagwa mimba imatha kuphulika. Chotenthetsera cha ceramic sichiwala koma chimaumitsa chimodzimodzi. Mwala wotentha wa magetsi nawo ayi ndithu.

Musaiwale kuti si onse amafuna kufunda. Megaphobema robustum wa ku Colombia ndi Poecilotheria subfusca wa kumapiri a ku Sri Lanka amakonda kozizirirapo, ndipo kuwasunga pa 28°C n'kuwazunza.

Tsopano ngati themometa ikuti zonse zili bwino, yang'anani mimba. Ikakhala yonenepa, yofanana ndi chigoba cha pamsana kapena yokulirapo, kangaudeyo sakufa ndi njala. Chifukwa chofala kwambiri ndi kukonzekera kufundula. Kamwana kamasiya kudya kwa masiku angapo kapena milungu iwiri, wamkulu mwezi kapena miyezi ingapo. Pa mitundu ya ku America, ngati Brachypelma hamorii, kadazi ka pamimba kamada n'kuyamba kunyezimira. Ena amatseka khomo la una ndi ulusi ndi dothi. Musatsegule. Mukamupeza atagona chagada, sanafe, akufundula, ndipo kumugwira pa nthawi imeneyi kukhoza kumupundula kapena kumupha. Akamaliza, mano ake amakhala oyera, kenako ofiirira, kenako akuda. Dikirani ade musanamupatse chakudya. Kamwana kamafuna pafupifupi sabata, wamkulu milungu iwiri. Akaluma msanga, mano ofewa amapindika kapena kuthyoka ndipo adzavutika kudya mpaka atafundulanso.

Grammostola rosea wa ku Chile ndi akangaude a mtundu wa Aphonopelma amatha kusala miyezi yambiri popanda chifukwa chooneka, kenako n'kuyambanso kudya ngati sipanachitike kanthu. Lasiodora parahybana wa ku Brazil, amene sakana kawirikawiri, akakana ndiye kuti mwina kufundula kwayandikira. Wamwamuna amene wafundula komaliza amadya mwa apo ndi apo, amangoyendayenda kufunafuna wamkazi. Palibe hita imene ingasinthe zimenezo.

Nthawi zina vuto ndi chakudya chenichenicho. Nkhululu zoweta zimayendayenda kwambiri, choncho zimakopa msanga kangaude amene amasaka pomva kugwedezeka kwa dothi. Koma nkhululu yotsala m'khola imatha kudya kangaude wofundula, ndiye iliyonse yosadyedwa ichotsedwe pasanathe maola 24. Mphemvu za dubia zimanenepetsa bwino ndipo sizikwera galasi, koma zimaima chilili kapena kudzikwirira m'dothi, kangaude n'kulephera kuzizindikira. Phwanyani mutu ndi kopanira musanaponye, miyendo idzapitiriza kuphiriphitha. Mphutsi za mealworm ndi superworm chitani nazo chimodzimodzi, apo ayi zimalowa m'dothi n'kudzatulukira tsiku loipa. Chodyacho chisakule kuposa mimba ya kangaude. Kamwana kowopa nyama yamoyo kapatseni chidutswa cha mphutsi kapena mwendo wa nkhululu madzulo, m'mawa muchotse chotsala chisanachite nkhungu. Tiana tidye kamodzi kapena kawiri pa sabata, akuluakulu pa milungu iwiri iliyonse kapena kupitirirapo. Akakana, chotsani, mudikire sabata musanayesenso. Wosamutsidwa kumene apatsidwe masiku asanu kapena sabata kuti azolowere.

Chofunika kuda nacho nkhawa ndi mimba yofota, yamakwinya, ndi miyendo yopindikira pansi pa thupi. Tarantula amatambasula miyendo ndi mphamvu ya madzi a m'thupi mwake, ndiye madziwo akachepa miyendo imakhwinyata. Izi zimachitika kwambiri m'makola a babu kapena a kamphasa kosalamulidwa. Zimitsani chotenthetseracho, dzazani mbale yosazama ndi madzi oyera opanda siponji, musendeze kangaudeyo pang'onopang'ono kuti pakamwa pakhudze madzi koma kunsi kwa mimba, kumene kuli mapapo ake, kukhale pouma. Nyowetsani ngodya imodzi ya dothi, muike khola pa mdima, ndipo chakudya chidikire mpaka atayambanso kuyenda yekha.