Airfix, Tamiya kapena Revell: kandege koyamba kumanga kakhale kati?

Munthu akangoti ndikufuna ndiyambe zomanga tindege tapulasitiki ndigule bokosi liti, anthu amangomuponyera dzina la kampani basi, uyu Airfix uyo Tamiya, kukangana ngati za Bullets ndi Noma, mwini funso nkungotsala kukamwa yasaa. Ine ndimati dzina la pabokosi ndi nkhani yachiwiri. Choyamba funsani kuti chikombole chomwe anaumbira pulasitikiyo ndi cha chaka chanji, chifukwa kampani imodzi yomweyo itha kukugulitsani kit (zidutswa za kandege zoti mulumikize) ya dzana ndi ina ya nthawi ya agogo, zonse mmabokosi owala bwinobwino.

Tiyambe ndi Airfix poti ambiri amayambira pompo, makamaka abale athu ali ku UK komwe imapezeka paliponse. Ndi kampani ya ku Britain, panopa ili mmanja mwa kampani ya Hornby kuyambira 2006, ndipo ndege yawo yoyamba inali Spitfire, ndege yankhondo ya ku Britain, ya sikelo ya 1/72 (kutanthauza kuti ndi yochepa ka 72 poyerekeza ndi yeniyeni) mzaka za m'ma 1950. Chomwe ndimaikondera ndi ma Starter Set aja, mumapeza kandege, timabotolo ta penti ya Humbrol, burashi ndi guluu mbokosi limodzi, ndiye simukuyenera kuthamanga uku ndi uku kusaka zipangizo musanadziwe nkomwe ngati masewerawa mungawakonde. Pulasitiki yake ndi yofewerapo, imadulika mosavuta ndipo sandipepala imagwira msanga, komano pa chifukwa chomwecho mukafulumira ndi mpeni mudula ndi pomwe simumafuna. Ma decal (tizizindikiro tomata pa ndege) a ma kit awo atsopano ndi abwino heavy, amagona bwino pa phiko. Koma samalani ndi mabokosi olembedwa Vintage Classics, zimenezo ndi zikombole zakale za m'ma 1960 ndi 1970, iwonso sabisa amalemba chaka pabokosi pompo. Ndi zokoma kwa munthu amene anazimangapo ali mwana akufuna kukumbukira, osati kwa woyamba kumene, mipata yake imafuna putty (kaphala kotsekera mipata) ndi kupala kwambiri ndipo ndi pamene anthu ambiri amagwa ulesi nkuponya zonse mkabati.

Tamiya ndi ya ku Shizuoka ku Japan, ndipo apa zoona ndi zakuti zidutswa zimangolowana zokha. Mukagwirizanitsa mbali ziwiri za thupi la ndege zija mzere wake umachita kusowa, mumangodutsitsa kaguluu kamadzimadzi kaja ka Tamiya Extra Thin mmphepete basi kamalowa kokha. Spitfire Mk.I yawo ya 1/48 yomwe inatuluka 2018 ndi imodzi mwa ma kit omwe ndingamuuze aliyense kuti amange kamodzi pa moyo wake, ngakhale Corsair yawo ya m'ma 1990 mpaka lero ikadali bho. Vuto ndi thumba. Mtengo wake ndi wokwera ndithu ndipo mbokosi mulibe penti mulibe guluu, zonse mugula padera, kuwonjezera apo penti yawo ya XF imauma msanga kwambiri moti ndi burashi imavuta, mukabwereza pamalo amodzi imakokeka nkusiya mizere, imeneyo inapangidwira kwambiri airbrush, kachipangizo kopopera penti ndi mpweya. Ma decal awonso ndi okhuthalako, amafuna madzi ofunda ndi kamankhwala kofewetsera ngati Micro Sol. Chinanso, ndege zina za 1/72 zomwe zili mbokosi la Tamiya ndi za Italeri ya ku Italy, chizindikiro cha Italeri chimakhala pabokosi, ndiye osangoona nyenyezi ziwiri za Tamiya zija nkuganiza kuti zonse ndi zofanana ayi.

Revell, ya ku Germany ku Bünde, ndi yomwe imafuna kufufuza kwambiri musanatulutse ndalama. Mitengo yake ndi yabwino, mitundu ya ndege ndi yambirimbiri mpaka zonyamula anthu za 1/144 monga Airbus ndi Boeing, koma mbokosi mutha kupeza chikombole chawo chatsopano, kapena cha kampani ina ngati ICM ndi Hasegawa, kapenanso chakale cha Matchbox. Lembani nambala ya kit pa webusaiti ya Scalemates muone mbiri yake, mphindi ziwiri zokha. Malangizo awo amakonda kukuuzani kuti sakanizani penti iyi yochuluka mwakuti ndi iyo pang'ono kuti mupeze mtundu umodzi, zomwe kwa woyamba ndi chintchito. Guluu wawo wa Contacta wokhala ndi kasingano uja yekha ndiye ndilibe naye mawu, ndi wabwino.

Eduard ya ku Czech Republic ndingoitchula kuti muidziwe, ma ProfiPACK ake ali ndi tizitsulo ting'onoting'ono ta photo-etch tokongola zedi koma dikirani kaye mumange zitatu zinayi.

Nkhani ya sikelo imalowa pompano chifukwa imasintha zonse. Spitfire yeniyeni mapiko ake ndi mamita 11 ndi pang'ono, ndiye pa 1/72 imatuluka masentimita pafupifupi 16, pa 1/48 pafupifupi 23. Kusiyana kumaoneka kochepa papepala koma mmanja ndi kwakukulu, pa 1/48 mpando wa woyendetsa ndi mawotchi ake mumaziona bwino, zala sizivutika, pomwe pa 1/72 kachidutswa kakagwa pansi mwina simudzakaonanso. Komabe amene akukhala mkachipinda ka lendi ku Joni kapena ku Leeds aganizirenso poika, Lancaster, chindege cha mainjini anayi, ya 1/72 yokha mapiko ake amapitirira masentimita 40.

Ndiye ineyo mukandifunsa, koyamba tengani Airfix Starter Set ya 1/72 ya chikombole chatsopano, ndege ya injini imodzi, Spitfire kapena Mustang, osati chindege cha mainjini anayi ngakhale chithunzi cha pabokosi chikukokeni bwanji. Pentiyo isungunuleni ndi timadzi pang'ono, pakani kopyapyala kawiri katatu mukudikira iume, musafune kuti ikwane ulendo umodzi. Galasi la pamwamba pa woyendetsa musalimate ndi guluu wa pulasitiki kapena supa guluu, limachita chifunga, gwiritsani ntchito guluu woyera wa matabwa uja. Mukamaliza kameneko mtima nkumafunabe, pamenepo ndiye sungani ndalama mugule Tamiya ya 1/48, mudzamva kukoma kwake chifukwa manja adzakhala atazolowera kale. Amene ali ndi ndalama komanso maso ayamba kuvuta atha kuyambira pa Tamiya pomwepo, sindingawaletse.

Kwa amene muli kumudzi ndipo mukudalira mbale wobwera pa ndege kuti akutengereni, kumbukirani kuti guluu wa pulasitiki, thinner (yosungunulira penti) ndi penti ya enamel ndi zinthu zoyaka moto, sizololedwa mchikwama cha pa ndege. Muuzeni atenge kit (ngati ndi Starter Set achotsemo guluu) ndi penti ya madzi ya acrylic, zinazo zibwere ndi a pamsewu ochokera ku Joni. Ndipo amene ali ku UK ayesetse kukafika ku Telford mu Novembala, kumakhala chionetsero cha Scale ModelWorld cha IPMS, bungwe la omanga ma kit, mukaona ndi maso zomwe anthu amapanga ndi ma kit omwewa komanso ma kit akale amagulitsidwa motchipa.

Ena ndikudziwa mtima wanu uli pa ndege zakwathu, VC10 ndi BAC One-Eleven zomwe Air Malawi inkaulutsa kale. Airfix inapangapo zonse ziwiri pa 1/144, koma ndi zikombole za m'ma 1960, zimafuna kupala, kutseka mipata komanso penti yoyera yomwe ndi yovuta kwambiri ndi burashi, ndiye zimenezo zikhale za kutsogolo mukayamba kugwira airbrush.