Ndemanga pa gulu losamalira zinyalala m'maofesi ku Mzuzu

Mumzinda wa Mzuzu muli timagulu ta achinyamata timene timatolera zinyalala m'nyumba ndi m'maofesi pa mtengo wa pamwezi, ndipo ofesi yathu, yomwe ili chakufupi ndi ku Katoto, idapangana ndi limodzi mwa magulu otere chaka chatha. Chimene chidatikopa n'chakuti anyamata ndi atsikanawa sadalonjeze kungonyamula zinyalala basi, koma adati aphunzitsanso ogwira ntchito kusamala mapepala, magetsi ndi madzi. Popeza tagwira nawo ntchito nyengo ya mvula ndi yozizira yomwe, ndikhoza kunena kuti ntchito yawo ndi yoyenera kuilipira, ngakhale kuti phindu lake silidachokere kumene iwo eni amanyadira kwambiri.

Iwo amanyadira maphunziro a tsiku loyamba, koma kwa ine gawo limeneli ndilo lidali lofooka. Mphunzitsi adathera nthawi yaitali akuonetsa zithunzi za madzi oundana a kumaiko akutali, ndipo ankalankhula Chingerezi chokhachokha, mwakuti alonda ndi amayi okonza muofesi, amene ambiri mwa iwo amamasuka m'Chitumbuka kapena m'Chichewa, adangokhala duu mpaka nthawi ya zoziziritsa kukhosi. Chonsecho madzi amene timamwa mumzinda muno amachokera ku damu la Lunyangwa, lomwe limadalira nkhalango ya Kaning'ina, ndipo munthu aliyense amene adaona madzi osefukira a mu Epulo 2016 akugwetsa nyumba m'madera ngati Masasa ndi Chibavi safunika kumutengera kutali kuti amvetse. Pamene adachita bwino mpomwe adafotokoza za lamulo loletsa mapulasitiki opyapyala, osakwana ma micron 60 kuchindikala kwake, lomwe boma lidakhazikitsa mu 2015 ndipo khothi lalikulu la apilo lidaligwirizira mu 2019. Anthu ambiri muofesi ankaganiza kuti nkhaniyi idali mphekesera chabe, poona kuti tchipisi cha pamsewu chikubwerabe m'tijumbo tomweto.

Chimene chidasinthadi khalidwe la anthu ndi kakonzedwe ka malo. Gululi lidachotsa timabasiketi tonse tomwe tinkakhala pansi pa tebulo la aliyense, n'kuika mabini atatu m'khonde: la mapepala, la mabotolo ndi mapulasitiki, ndi la zotsala pa chakudya. Sabata zoyamba kudali madandaulo, pakuti munthu wodya nthochi tsopano ankayenera kudzuka pampando kuti akataye khoko. Komatu kudzukako ndiko kudathandiza, chifukwa pofika pa mabini munthu amaima kaye n'kusankha, ndipo anzake odutsa amamuona. Bini la mapepala, lomwe adaliika dala pafupi ndi pulinta, lidatichititsa manyazi tonse: linkadzaza ndi makalata osindikizidwa kawiri, ndondomeko za misonkhano zomwe zikadangotumizidwa pa WhatsApp, ndi mapepala olembedwa mbali imodzi yokha. Mmodzi wa achinyamatawo adakonza makompyuta athu kuti azisindikiza mbali zonse ziwiri popanda wina kuwauza, ndipo kusintha kochepa kumeneku kudachita zambiri kuposa zikwangwani zonse zomwe adamata m'makoma.

Zotsala pa chakudya, monga nsima, makoko ndi masamba a tiyi, amaziunjika kuseri kwa ofesi pamodzi ndi udzu wotchetcha, n'kumazitembenuza akabwera mpaka zisanduke manyowa. Manyowawo tidathira m'maenje a mitengo ya zipatso pa nyengo yodzala mitengo, yomwe m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala n'kutha pa 15 Epulo. Mapepala amawanyika m'madzi, kuwasakaniza ndi utuchi wochokera kwa ocheka matabwa, omwe Mzuzu siusowa chifukwa cha kuyandikana ndi nkhalango ya Chikangawa, kenaka n'kuumba timibulu toyatsira mbaula m'malo mwa makala. Alonda athu atigwiritsa ntchito usiku m'miyezi ya Juni ndi Julayi, ndipo akuti timafuka utsi wambiri poyamba koma tikakolera timatenthetsa bwino. Chenjezo langa pano n'lakuti gululi lilibe makina ong'ambira mapepala, choncho chikalata cha malipiro kapena cha matenda a munthu chiyenera kung'ambidwa muofesi momwemo chisanalowe m'bini.

Pa nkhani ya magetsi, njira yawo idali yanzeru. Madzulo ena anthu ataweruka, mnyamata wina adayenda chipinda ndi chipinda pamodzi ndi mkulu wosunga ndalama, akulemba zonse zomwe zidasiyidwa zikuyaka, ndipo adapempha kuti Lolemba lililonse tizilemba pa bolodi mayunitsi otsala pa mita. Adationetsanso kuti babu la LED la mawati 9 limawala pafupifupi ngati babu lakale la mawati 60. Anthu amene sadakhudzidwe ndi ulaliki wa zachilengedwe adayamba kuzimitsa magetsi ataona mayunitsi akutha ngati mchere wogwera m'madzi, makamaka abwana atanena kuti ndalama zopulumutsidwazo zizipita ku shuga ndi mkaka wa tiyi. Ambiri timakumbukirabe kuthimathima kwa magetsi komwe kudatsatira namondwe wa Ana mu Januwale 2022, ataononga malo opangira magetsi a Kapichira n'kuchotsa pafupifupi mamegawati 130, choncho kufunika kwa nkhaniyi sikudali kovuta kumva. Langizo limodzi lokha ndilo lidandidabwitsa kuti lidachokera kwa anthu okhala mumzinda uno, loti tisiyiretu kuyatsa zotenthetsera m'zipinda. Kuzizira kwa Mzuzu sikumva zimenezo, ndipo chomwe chidathandiza n'kukonza magalasi osweka a m'mawindo ndi kugwirizana zomazimitsa zotenthetserazo dzuwa likakwera.

Zofooka zawo zidaonekera kwambiri nthawi ya dzinja. Galimoto yomwe amanyamulira ndi yobwereka, ndipo mvula ya kuno, yomwe imapitirira pamene kumwera kwauma kale, idawalepheretsa kufika pa masiku ena opangana, osatiimbira n'komwe. Bini la zakudya likagonera motero limanunkha ndi kuitana ntchentche, ndipo zimenezi zimabwezera m'mbuyo anthu amene adali atayamba kuzolowera. Ndidafunsanso komwe mapulasitiki amapita, ndipo yankho lidabwera movutikira: mabotolo amagulitsa kwa ochita malonda a thobwa ndi mafuta ophikira, koma majumbo opyapyala alibe wowagula, motero amakathera kumtaya wa khonsolo pamodzi ndi zina zonse. Bwenzi atanena zimenezi poyera pa tsiku loyamba, chifukwa zikadalimbikitsa anthu kubwera ndi mbale zawo pokagula chakudya cha masana, monga momwe ena ayambira tsopano.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi katundu amene adagwera amayi okonza muofesi. Aliyense akasakaniza zinyalala, iwo ndiwo amapisa manja m'bini kuti asankhule, ndipo gululi silidaganizeko zowapatsa magolovesi mpaka iwo eni atadandaula. Mbali ina ya vutoli ndi yathu, pakuti akuluakulu ena adabwezeretsa mwakachetechete timabasiketi tawo m'zipinda zawo, ndipo wachinyamata wongolipidwa pamwezi sangathe kudzudzula bwana wa ofesi imene ikumulipira. Kumene mkulu wa nthambi ankanyamula yekha botolo lake kupita nalo ku bini, nthambi yonse idatsatira msanga.

Mtengo wa pamwezi ndi wofikirika kwa ofesi yaing'ono, koma mabini amalipiritsa padera, ndipo izi tidazidziwira pa invoisi yoyamba. Amene mukufuna kuwalemba ntchito, lembani m'pangano tsiku lotolera ndi chomwe chichitike akalephera, pemphani kuti maphunziro akhale m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, ndipo funsani amene adzagule magolovesi. Ngati ofesi yanu ili m'nyumba ya lendi yogawana ndi ena, kambiranani kaye ndi eni nyumbayo za malo opangira manyowa, chifukwa popanda malowo zotsala pa chakudya zizidikira galimoto yobwereka ija.