Loya amene anaimira mng'ono wanga ku Joni

Ngati m'bale wanu wamangidwa ku South Africa apolisi atamuchita chipikisheni pamsewu, funani loya amene amayamba ndi kufunsa chifukwa chimene anamuimitsira, asanafunse zimene anamupeza nazo. Mayi amene anatiimira ife ku Johannesburg anayambira pamenepo.

Mng'ono wanga amakonza mafoni. Apolisi awiri anamuimitsa akuweruka, n'kumutsegula chikwama osamupempha. Atapeza mafoni a makasitomala opanda malisiti, anamutsegulira mlandu wopezeka ndi katundu womuganizira kuti ndi wakuba. Anzathu ambiri ankati angovomera n'kulipira chindapusa zithe, koma mlendo akakhala ndi mbiri ya mlandu, pemiti yake imadzavuta.

Mayiwa anakhala nafe pansi n'kutifotokozera bwinobwino. Gawo 22 la lamulo loyendetsera milandu lotchedwa Criminal Procedure Act la 1977 limalola wapolisi kusecha munthu popanda chikalata cha khoti ngati munthuyo wavomera, kapena ngati wapolisiyo ali ndi zifukwa zomveka zokhulupirira kuti chikalatacho akanapatsidwa koma kuchidikira kukanasokoneza kafukufuku. Ndiye pali gawo 35(5) la malamulo aakulu a dzikolo a 1996, lomwe limati umboni wopezeka mophwanya ufulu wa munthu uyenera kukanidwa ngati ungachititse mlandu kukhala wopanda chilungamo kapena kuwononga ntchito ya makhoti. Chimene ndinawakondera n'chakuti sanatilonjeze kupambana. Anatiuza poyera kuti majisitireti amatha kuona kuti apolisi analakwa koma umboniwo n'kuulandirabe.

Tsiku la mlandu mayiwa anakana kuti mafoniwo aperekedwe ngati umboni, ndipo khoti linayamba lamva nkhani ya chipikisheniyo payokha. Anamufunsa wapolisi uja mofatsa kuti anaona chiyani asanamuimitse. Iye anati mnyamatayo ankaoneka wokayikitsa. Wokayikitsa bwanji? Anathawa? Panali munthu wodandaula kuti wabedwa foni? Ayi. Anamupempha chilolezo? Anati sakukumbukira, ndipo m'kabuku kake ka m'thumba munalibe chimene analemba. Ine mtima unandiwawa, chifukwa ndinadziwa kuti chokayikitsa chake chinali kalankhulidwe kachilendo basi. Majisitireti anakana umboniwo, woimira boma anatsala wopanda kanthu, ndipo mng'ono wanga anamasulidwa.

Zovuta zilipo. Mayiwa foni sayankha msanga, chifukwa tsiku lonse amakhala m'khoti, choncho ndi bwino kuwalembera pa WhatsApp. Amalipiritsa tsiku lililonse limene aonekera kukhoti, ngakhale mlandu ukaimitsidwa chifukwa womasulira Chichewa sanabwere, ndipo zimenezi zinatidyera ndalama. Anatilola kulipira pang'onopang'ono. Amene alibiretu ndalama apemphe loya wa Legal Aid South Africa tsiku loyamba kukhoti, ndipo amuuze mwatsatanetsatane mmene chipikishenicho chinachitikira: malo, nthawi, mawu amene apolisi ananena, ndi amene anaona.

Mafoni a makasitomala aja akadali kupolisi, ndipo mayiwa alemba kalata yowaitanitsa popanda kutilipiritsa zina.