Ndemanga: buku la ndakatulo za ana la mitundu ndi nyengo

Bukuli anatibweretsera ndi alamu anga mu Meyi, pamene anabwera pa basi kuchokera ku Blantyre kudzera ku Tete ndi Nyamapanda, ndipo ndalemba ndemangayi titaliwerenga pafupifupi madzulo aliwonse kwa miyezi isanu kuno ku Mufakose mumzinda wa Harare. Mwana wanga wamkazi wa zaka 6 amalankhula Chishona ndi anzake, kusukulu amaphunzira m'Chingerezi, moti mitundu monga kufiira ndi kubiriwira ankaitchula m'Chingerezi mokha ngakhale akamacheza ndi agogo ake.

Chimene chandikondweretsa kwambiri n'chakuti ndakatulozi zikutsata chaka chathu chenicheni, osati nyengo za kumaiko kumene kumagwa chipale. Dzinja alijambula lobiriwira, muli ngumbi ndi bowa, masika ali ndi maungu achikasu, chisanu n'chotuwa, chilimwe n'chofiira ndi fumbi komanso moto wolusa m'tchire. Mizere yake ndi yaifupi ndipo imabwerezabwereza ngati nyimbo za pamtondo, choncho mwana amaloweza asanadziwe n'komwe kuti akuphunzira. Tsiku lina anandiuza yekha kuti dzinja ndi chilimwe zikumveka ngati zhizha ndi chirimo zimene amamva kwa anzake, ndipo ndinasangalala kuona kuti zilankhulo ziwirizi zayamba kugwirizana m'mutu mwake.

Ndakatulo ya chiperoni inatipatsa ntchito pang'ono. Mwana wobadwira ku Harare sadziwa mawuwa, ndiye m'mawa wina wa mu Julayi, kunja kutachita mitambo yotsika ndi kamvula kowaza kozizira kamene kuno amati guti, ndinamutulutsa pakhonde atavala juzi n'kumuwerengera pomwepo. Anatambasula dzanja kuti kamvulako kamunyowetse, kenako anati, "Amayi, ndiye chiperoni chimenechi?"

Zofooka zilipo. Tsamba la thambo ndi tsamba la udzu onse agwiritsa ntchito mawu akuti kubiriwira, zimene n'zoona m'Chichewa, koma wojambula anasankha utoto wofanana kwambiri moti mwana anasokonezeka. Ndinadandaulanso kuti mulibe ndakatulo ya masamba ofiira amene mitengo ya msasa imaphuka kumapeto kwa Ogasiti, kapena ya maluwa a jakaranda amene pano mu Okutobala adzaza mumsewu wa Leopold Takawira. Tikudutsa pamenepo anandifunsa dzina la mtunduwo, ine ndinangoti wofiirira, koma mawuwa sanamukhutiritse iye ngakhalenso ine.

Chikuto n'cholimba, koma masamba anangomatidwa ndi guluu, ndipo awiri apakati anathothoka mwezi wachitatu. Ndinawasoka ndi ulusi. Makolo amene mukufuna kuti ana anu asataye Chichewa kuno, makamaka popeza chili m'gulu la zilankhulo 16 zovomerezeka ndi malamulo a Zimbabwe a 2013 koma mabuku ake a ana amasowa m'masitolo, ndikukulimbikitsani kuti muitanitse bukuli. Ine ndatumiza kale uthenga kwa alamu anga kuti pa Khirisimasi abweretse lina la mwana wa achimwene ku Epworth, kufupi ndi Harare.