Amakonza bwino buku, koma makalata a ma ejenti musawasiyire

Ndemanga iyi ndi yokhudza kampani ina ya ku Lilongwe imene imalengeza pa Facebook kuti imakonza mabuku a alembi ndi kuwatumiza kwa ma ejenti a mabuku a ku London, anthu amene amaimira alembi pogulitsa mabuku awo kwa osindikiza. Ine ndine mphunzitsi kuno ku Nkhotakota, ndipo ndinalipira K450,000 yonse kudzera pa Airtel Money, K300,000 ya ukonzi ndi K150,000 yotumizira. Buku langa ndi nkhani yopeka ya m'Chingerezi, yonena za banja la asodzi a ku Linga m'nthawi ya Jumbe Salim bin Abdallah, pamene ngalawa zinkawolotsa akapolo panyanja pa ulendo wa ku Kilwa.

Tinagwirizana momveka bwino. Popeza mitu itatu yoyambirira inali itapsa kale, iwo anayenera kutumiza mituyo pamodzi ndi kalata yondidziwitsa komanso chidule cha nkhani, monga ma ejenti ambiri a ku Britain amafunira, pamene ine ndi mkonzi tinkapitiriza kugumula ndi kumanganso pakati pa bukulo. Ndinanenetsa, ndipo uthengawo ukadali pa WhatsApp, kuti ejenti aliyense akapempha buku lonse andiimbire kaye asanayankhe.

Mwezi wa September ejenti wina anapemphadi buku lonse. Aliyense amene anayesapo kutumiza zolemba zake kunja akudziwa kuti mwayi wotere subwera kawirikawiri, chifukwa ambiri mwa ma ejenti amakana ndi kalata ya mizere iwiri ndipo ena sayankha n'komwe. Mnyamata amene amayang'anira maimelo mu ofesi mwawo anangotenga fayilo yakale, ya mawu 140,000, yokhala ndi mitu imene tinali titagwirizana kale kuti ichoke, n'kutumiza tsiku lomwelo osandiuza kanthu. Buku latsopano linali kulowera ku mawu 90,000, womwe ndi utali umene ma ejenti amaulandira mosavuta kwa mlembi woyamba. Nkhaniyi ndinaimva mochedwa, ndipo ndinaimva mwangozi, pamene mayi okonza bukulo anandifunira mafuno abwino poganiza kuti ndikudziwa kale. Makalata onse ankadutsira pa imelo ya kampani, choncho ine mwini buku sindinkaona chilichonse.

Nditamuimbira mnyamatayo, anandiyankha mopepuka kuti, "Aphunzitsi, musadandaule, buku ndi lomwelo, ndipo anthu akunja amafuna zachangu." Mawu amenewa ndi amene anandipweteka kuposa kulakwitsako. Buku silinali lomwelo ayi, ndipo munthu amene amalandira ndalama za alembi pa ntchito imeneyi ayenera kudziwa kuti ejenti amawerenga buku kamodzi. Akalikana, kawirikawiri salibwereranso pokhapokha iye mwini atanena kuti likakonzedwa libwerenso. Kumutumizira fayilo yakale kunali ngati kupatsa mlendo wolemekezeka kondowole wosapsa pamene wina ali pamoto. Chofunika chinali chaching'ono: kuthokoza, kunena zoona kuti mlembi akumalizitsa kukonza, ndi kupempha masabata angapo. Mnzanga wina wa m'bungwe la Malawi Writers Union anandikumbutsa kuti mu October ma ejenti amakhala otanganidwa ndi chionetsero cha mabuku cha ku Frankfurt, kotero kuti changu chimene mnyamatayo ankadzitchinjiriza nacho chinalibe phindu lililonse. Nditaumirira kuti andipatse mndandanda wa onse amene anawalembera, ndinapezanso kuti anatumiza kwa ma ejenti awiri a kampani imodzi nthawi imodzi, chinthu chimene makampani ambiri amaletsa poyera pa masamba awo a pa intaneti. Mpaka lero mnyamata ameneyu sanapepese.

Komabe ndingakhale wosalungama ngati nditasiyira pomwepa, chifukwa mayi okonza mabuku pa kampaniyi ndi katswiri weniweni. Anawerenga buku lonse mofatsa, ndipo ndemanga zawo m'mphepete mwa masamba sizinali za kalembedwe ka mawu kokha. Ndiwo anaona kuti ana awiri aamuna a m'banja lija akugwira ntchito imodzi m'nkhani ndipo ndi bwino akhale munthu mmodzi. Ndiwonso anandilimbikitsa kuti mutu wa kukumana kwa David Livingstone ndi Jumbe pansi pa mkuyu uoneke kudzera m'maso mwa mtsikana wotunga madzi, m'malo mofotokozedwa ngati phunziro la mbiri. Anakana kuti mawu ngati usipa ndi mwera amasuliridwe m'munsi mwa tsamba, ponena kuti wowerenga wabwino adzawamva kuchokera m'chiganizo. Pa ntchito imeneyi K300,000 ija sindikuidandaula ngakhale pang'ono.

Atamva zimene zinachitika, mayiwa anandiimbira madzulo kunja kwa nthawi ya ntchito, ndipo tinalembera limodzi kalata yaifupi yopita kwa ejenti uja, yochokera pa imelo yanga. Tinafotokoza kuti fayilo imene analandira ndi yakale, tinatchula zinthu zazikulu zimene zasintha, ndipo tinapereka tsiku limene latsopano lidzafike. Ejentiyo anayankha kuti anali asanaliyambe ndipo adikira. Ndikuthokoza Mulungu chifukwa cha zimenezo, koma umenewo unali mwayi chabe, osati luso la kampani, ndipo kudikira si kuvomera.

Chimene ndikufunsabe ndi ntchito ya K150,000 yotumizira. Ejenti wodalirika salipiritsa mlembi kuti amuwerengere. Amatenga gawo lake buku likagulidwa ndi osindikiza, nthawi zambiri 15 peresenti, ndi 20 peresenti pa malonda a kumaiko ena. Malamulo a katumizidwe alembedwa poyera pa tsamba la ejenti aliyense, ndipo aliyense amene ali ndi foni ndi bandulo angathe kuwatsata ali pa boma pompano. Ndalama ija ndinaipereka kuti wina azisamala zimene ine sindingazisamale ndili m'kalasi, ndipo pamene panafunika chisamalirocho m'pamene panalibe.

Kampaniyi ndikuipatsa nyenyezi zitatu, ndipo zonse ndi za mayi aja. Amene akufuna kupita kumeneko alipire za ukonzi zokha, amalize buku lonse asanatumize ngakhale mutu umodzi, ndipo makalata a ma ejenti azichokera pa imelo yake. Ndinalembera abwana a kampaniyi kupempha kuti andibwezere ndalama yotumizira, ndipo yankho limene ndalandira ndi lakuti nkhaniyi akuikambirana.