Masiki ya timagetsi yothandiza kuzindikira kuti ukulota, ndagona nayo miyezi itatu

Anzanga angapo akhala akundifunsa za masiki ija msuweni wanga anandibweretsera kuchokera ku Joni, nde lero ndati ndingolemba zonse kamodzi. Ndi kansalu kakuda kophimba m'maso, kokhala ndi lamba wa kumbuyo, koma mkati mwake muli timagetsi tofiira ting'onoting'ono tomwe timaphethira iwe uli mtulo. Cholinga chake nchoti kuwalako kulowe mmaloto mwako, iweyo uzindikire kuti eya, apa ndikulota, koma osadzuka. Pachizungu amati lucid dream, dzina lomwe anabwera nalo dokotala wa ku Netherlands, Frederik van Eeden, mu 1913. Ndipo si nthano ayi, mu 1975 ku yunivesite ya Hull ku England Keith Hearne anajambula pamakina maso a munthu ali mtulo akulota, akuyenda kumanzere kumanja ndendende mmene anagwirizanirana asanagone, chizindikiro choti akudziwa kuti akulota.

Yangayi ndi zotchipa zija, pabokosi palibe ndi dzina la kampani lomwe. Apa mpamene pali vuto loyamba ndipo wogulitsa sanena. Maloto enieni ambiri amabwera nthawi ya REM, pomwe maso amayendayenda pansi pa zikope, imabwera pafupifupi mphindi 90 zilizonse ndipo imatalika kukamacha. Makina omwe Stephen LaBerge wa ku yunivesite ya Stanford anapanga, NovaDreamer, anali ndi sensa yoona kuyenda kwa maso, amayatsa magetsi akaona kuti walowa mu REM. Yangayi ilibe sensa, ndi taimala basi, umaitchera kuti iyambe pakatha maola anayi kapena asanu kenako imangophethira mwachimbulimbuli. Masiku ena imakupeza ukulota, masiku ena imangokudzutsa 3 koloko mmawa mutu uli waa.

Komabe chomwe ndaphunzira nacho nchoti kuzindikira mmaloto kuli ndi masitepe, sikuti umangoti kaya wazindikira kaya ayi. Sabata yoyamba timagetsi tinalowadi mmaloto koma ubongo unatisandutsa zina. Ndinalota ndili pa depoti, minibasi ili patsogolo panga yayatsa ma hazadi, phethi phethi, kondakitala akuitanira, ine nkumangoti galimotoyi yawonongeka, nkudutsa. Mmawa ndikulemba mukope ndipamene ndinati aa, ija inali masiki! Tsiku lina inali mphenzi. Sitepe yachiwiri ndi yokaikira, umaima mmalotomo nkudzifunsa kuti kodi kuwalaku bwanji, koma maloto amakupatsa yankho msangamsanga, iwe nkuvomera. Imeneyi imandipweteka kwambiri chifukwa umakhala wafika pakhomo penipeni.

Yachitatu nde yodabwitsa. Umadziwa ndithu kuti ukulota koma nzeru zake ndi theka. Ndinalota ndachedwa kuntchito, ndinanena ndekha kuti awa ndi maloto, koma ndinapitirizabe kuthamanga mtima uli phaphapha kuopa abwana, osaganiza kuti ngati ndi maloto nde kuti abwanawo kulibe. Yomaliza, yomwe aliyense amaifuna, yandichitikira kanayi kokha pa miyezi itatuyi. Umakumbukira kuti thupi lako lili pabedi mkati mwa neti, lero ndi lachingati, ndiponso zomwe unakonza kuti ukachite. Ulendo wina ndinapezeka pakhonde pa agogo anga omwe anatisiya kalekale, kuwala kofiira kunadutsa pakhoma, ndinayang'ana dzanja langa zala zinali zisanu ndi chimodzi, ndinatseka mphuno nkupumabe bwinobwino. Sindinaganize zouluka kapena chani. Ndinangokhala pamkeka pafupi nawo akusenda mbatata, ndikumva fungo la utsi wakukhitchini, ndikudziwa bwino lomwe kuti ndikulota. Ndinadzuka misozi ili mmasaya koma mtima uli mmalo.

Chenjezo limodzi, pali kudzuka kwabodza. Umalota wadzuka, wavula masiki, ukupita kukasamba, chonsecho ukadali mtulo. Panopa ndikangodzuka ndimayamba ndatseka mphuno kaye.

Nde funso nkumati kanayi kaja inachititsa ndi masiki? Mmene ndaonera ine, mbali yake ndi yochepa. Mwezi woyamba ndimangoivala osachita china chilichonse ndipo sindinapitirire sitepe yachiwiri. Zinasintha nditagula kope ndi bolopeni nkumazisiya pansi pa pilo, kulemba maloto ndisanagwire foni, ngakhale mizere iwiri. Pakapita masabata umayamba kuona zinthu zobwerezabwereza, ine ndi sukulu yanga ya pulayimale ndi madzi osefukira, nde ukazionanso mmaloto belu limalira. Masana ndimadzifunsa mwa serious kangapo kuti kodi pano ndili maso, nkuwerenga zala. Koma chomwe chinagwira ntchito kwambiri ndi kutchera alamu pakatha maola asanu, kudzuka pang'ono, kenako pogonanso nkumabwereza mumtima kuti ndikalotanso ndikumbukira kuti ndikulota, uku ukuona mmaganizo maloto omwe wangochokamo. Njira imeneyi ndi ya LaBerge yemweyo, amaitcha MILD. Mu 2017 Denholm Aspy wa ku yunivesite ya Adelaide anayesa njirazi pa anthu 169, omwe anaphatikiza kudzifunsa masana, kudzuka ndi alamu ndi MILD zinawayendera pa 17 peresenti ya mausiku, ndipo omwe amagona pasanathe mphindi zisanu atamaliza MILD zinafika pafupifupi 46 peresenti. Zonsezi nzaulere. Masiki inayamba kuthandiza pokhapo mutu utaphunzira kuti kuwala kofiira kukutanthauza chani.

Za kavalidwe, nsalu yake ndi yofewa koma mu Okutobala kutentha kuja thukuta limadzadza mmaso, ndipo ngati mumagona chammbali imasuntha, kangapo ndaipeza ili pakhosi. Mabatani ake ndi ang'ono kwambiri, kapepala ka malangizo nako sikamveka, ndinatha masiku ndikuyesa kuti kuwala kusakhale kwambiri kapena kochepa. Batire yokha nde ndilibe nayo dandaulo, imakhalitsa.

Ndikuipatsa nyenyezi zitatu mwa zisanu. Ngati simukumbukira nkomwe maloto anu musataye ndalama, yambani ndi kope mwezi wathunthu. Ngati mumalemba kale ndipo mumafika pokaikira paja, ikhoza kukukankhirani kutsogolo, makamaka mukapeza yokhala ndi sensa. Amene ali ndi khunyu asayerekeze, magetsi ophethira amatha kuyambitsa kugwa mwa anthu ena. Amene tulo timawavuta kale asamadule tulo ndi alamu, ndipo ena mukamayesa zimenezi mudzadzukapo thupi litauma osatha kugwedezeka kapena kukuwa, zimaopsa koma zimatha zokha pakanthawi kochepa, ndi thupi lomwe silinatulukebe mu REM. Mumvanso za mapilisi a galantamine omwe ena amamwa kuti azindikire mmaloto, amenewo ndi mankhwala a odwala Alzheimer's, matenda oiwalaiwala, musamwe popanda dokotala. Ine panopa ndimaivala Lachisanu ndi Loweruka basi, masiku omwe mmawa wake sindilawirira kuntchito.